Mwana Wosamva wa pa Nkaya

Ndili wamng'ono ndinatchuka pa Nkaya ponse ndi mbiri imodzi yokha, yoti ndinali mwana wosamva. Amama ankanena choncho kokatunga madzi, azimayi anzawo n'kuvomereza, ndipo aphunzitsi anga ankandiimiritsa kutsogolo kuti ana ena aone mmene mwana wosamva amaonekera. Ine sindinkadziteteza. Nthawi zambiri sindinkadziwa n'komwe kuti nkhani ili pakamwa pa anthu ndi yanga.

Chichewa chathuchi ndimachikonda, koma pamenepa chinandilakwira. Mwana amene wakana kutumidwa timati samva. Mwana amene makutu ake atseka timatinso samva. Chiyao cha ababa nacho sichinandipulumutse, poti kumenekonso liwu lawo loti kupikana ndi limodzi la zonse ziwiri. Ndiye akuluakulu akamati uyu samva ankanena zoona ndithu, kungoti sankadziwa kuti akunena zoona ziti. Iwo ankalimbana ndi mtima wanga, pamene khutu langa lakumanzere linali litafa kale, ndipo lakumanja, limene ndinatsala nalo, linali m'njira kulitsatira.

Tinkakhala m'nyumba za anthu a panjanji, kuseri kwa siteshoni, pamene njanji yochokera ku Blantyre imagawikana, ina kupitirira ku Balaka, ina kukhotera ku Liwonde. Kwathu kwenikweni ndi kwa Kawinga, kumene amama anabadwira, koma ntchito ya ababa inatikokera kuno njanji yatsopanoyo itangotsegulidwa. Iwo anali m'gulu lokonza njanji, anthu onyamula zitsulo padzuwa la pa Nkaya limene limawotcha ndi mthunzi womwe. Anali munthu wamtali, wochepa thupi, wolankhula motsitsa ngati mawuwo anachita kubwereka. Ankati munthu wopemphera sakuwa, ndipo mwana woleredwa bwino amaitanidwa kamodzi. Amama anali osiyana nawo kutalitali. Iwo akaitana nkhuku zathu, za aneba zinkabweranso.

Apa ndiye panagona tsoka langa. Amama akandiitana ndinkayankha, pakuti mawu awo sankapempha chilolezo polowa m'khutu la munthu. Ababa akandiitana ndinkapitiriza kusewera phada. Iwo anaona zimenezi kwa zaka, ndipo anaganiza zimene munthu aliyense akanaganiza, zoti mwana wawo woyamba amalemekeza mayi ake koma bambo ake amawaderera. Zinkawapweteka kwambiri. Sankanena, koma ndinkaona akamagawa nzimbe kwa ife ana, mmene dzanja lawo linkazengerezera likafika pa ine.

Matendawo anayamba ndi chikuku. Sindikumbukira zambiri za nthawi imeneyo, kupatula mdima wa m'nyumba ndi ludzu, koma amama ankati nditachira khutu lakumanzere linayamba kutuluka mafinya ndipo silinasiye. Linkauma nyengo yotentha n'kuyambanso mvula ikagwa kapena ndikadwala chimfine. Palibe amene ankati amenewa ndi matenda opita nawo kuchipatala. Ana ambiri pa Nkaya ankayenda ndi makutu otuluka mafinya monga ankayendera ndi mamina, ndipo anthu ankati zidzatha zokha mwana akakula. Mpango umene ndinkamanga kumutu monga mwana wachisilamu unkabisa zonse, kupatula fungo. Anzanga akasuntha pabenchi n'kundisiyira malo aakulu, ndinkayesa ulemu.

Amama sanandinyanyale, iyayi, ndipo sindifuna munthu aganize choncho. Madzulo akamaliza ntchito ankandigoneka pamiyendo pawo, n'kuzula nthenga ya nkhuku, n'kuinyika m'mafuta a nsatsi ofunditsa, n'kumaizunguliza m'khutu langa pang'onopang'ono. Nthawi zina ankafinyiramo madzi a masamba amene mayi wina wa kwa Kalembo anawauza. Ankati m'kati mwa khutu muli mwinikhutu, ndipo akakwiya ayenera kunyengereredwa. Ine ndinkakhulupirira kuti mwinikhutuyo ndi kamunthu kenikeni, kakang'ono ngati nyerere, kokhala ndi mkeka wake m'katimo, ndipo ndinkakauza nkhani mumtima. Kunena zoona, pa ubwana wanga wonse palibe chimene ndinkachikonda kuposa kugona pamiyendo imeneyo, nthenga ikundigirigisha, amama akung'ung'udza nyimbo imene ndinkaimva kudzera m'ntchafu mwawo. Mpaka lero ndikaona nthenga pansi, khutu limayabwa.

Mvula ikagwa tinkapita kumaiwe a m'dambo kukasambira, ndipo ine ndinali katswiri womira. Pansi pa madzi aliyense anali gonthi ngati ine, ndiye kumeneko ndinkapeza mtendere. Ndinkatuluka madzi a matope atadzaza m'makutu, n'kumadumpha ndi mwendo umodzi kuti atuluke.

Kusukulu kunali kovuta. Masiku amenewo m'mawa uliwonse tinkaloweza ngodya zinayi za dziko, ndipo imodzi mwa izo inali kumvera, choncho mwana wosamva sanali wolakwira aphunzitsi okha. Ankandikhazika kumbuyo chifukwa ndinatenga msinkhu wa ababa. Aphunzitsi akamalankhula atatiyang'ana ndinkatola zambiri pamilomo pawo, osadziwa kuti anzanga sachita choncho, koma akangotembenukira kubolodi phunziro linkazima. Akandifunsa funso ndinkayankha la dzulo. Iwo anali ndi mwambi umene ankaukonda, woti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ankaunena atagwiradi khutu langa n'kulipotokola. Unansi wotero ndinaukhuta.

Chimene chinasintha zinthu chinachitika chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, nyengo yokolola. Amama anandituma kukatunga madzi pampopi wa pa siteshoni, ndipo pobwerera ndinadutsa njira yachidule imene tinkaletsedwa, pakati pa njanji, ndowa ili pamutu. Sitima ikamabwera ndinkaimva m'mapazi isanaoneke, ndiye sindinkaopa. Koma tsiku limenelo sinali sitima. Anali mabogi awiri opanda katundu amene injini inawakankha n'kuwasiya kuti aziyenda okha kukalowa njanji ina, ndipo bogi yoyenda yokha ilibe phokoso lambiri. Ababa anali chapatali ndi anzawo. Anandiuza pambuyo pake anthu ena kuti anaitana dzina langa, kenako anakuwa, munthu amene sanakuwepo, anzawo onse akukuwanso. Ine ndinkangoyenda, ndikusamala kuti madzi asatayike.

Ndinangozindikira ndili m'malere, ndowa ikugubuduka pamiyala, mabogi akudutsa pamene ndinali. Ababa anandiimika pansi, n'kundigwira phewa ndi dzanja limodzi, ndipo linalo linatera pakhutu langa lakumanja. Inali mbama ya munthu wonyamula zitsulo. M'mutu munalira nyenje. Ndinaona milomo yawo ikunena za wosamva amene anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndinaonanso kuti maso awo anali ofiira. Sindinawakwiyire. Ndinachita mantha kuona ababa akuchita mantha.

Patapita masiku ochepa khutu lomenyedwalo linayamba kuwawa, kenako linatuluka mafinya ngati linzake. Amama anazula nthenga ziwiri m'malo mwa imodzi. Tsopano ngakhale mawu awo anayamba kundifika ngati akuchokera kutsidya la dambo, ndipo ndinayamba kuopa m'njira imene sindinkatha kuifotokoza. Ndinkadzitsekera m'chimbudzi n'kumatchula dzina langa ndekha kuti ndione ngati likumveka. Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti ndikanena andiwonjezera mlandu.

Amene anatitsegula maso ndi amjomba, alongo awo a amama, amene ankagwira ntchito pachigayo ku Balaka. Ankabwera kudzationa kamodzikamodzi pa sitima, ufa uli m'nsidze ndi m'makutu ngakhale atasamba. Zaka zambiri zoima pafupi ndi injini zinali zitawadya makutu, ndipo ankalankhula mokuwa ngati chigayo chikadali pambali pawo. Ife ana tinkawaseka. Ukawauza kuti takulandirani ankayankha kuti ayi, anadya kale, kenako n'kukhala pansi n'kudya. Ndinkawakonda chifukwa anali munthu wamkulu yekhayo amene ndinkamumva bwino.

Tsiku lina atabwera anakhala pakhonde ndi ababa, amama akuwafotokozera za mabogi aja ndi mwano wanga wonse. Ine ndinali pabwalo ndikutong'ola chimanga. Amjomba anatembenukira kwa ine. Anangondiyang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo anadzandiuza nditakula kuti anadziona okha, mmene ndinkapendeketsera mutu ndi mmene maso anga ankathamangira pakamwa pa aliyense wolankhula. Anadzuka n'kunditembenuza kuti ndiyang'ane kunkhokwe, n'kundiuza ndi manja kuti ndipitirize ntchito. Zotsatirazi ndinaziona mbali yake yomaliza yokha, zinazo ndinachita kumva kwa amama.

Amjomba anatulutsa mandasi m'thumba lawo n'kupempha ababa kuti anene ndi mawu awo a masiku onse kuti ana abwere adzalandire. Ababa anakana poyamba, amvekere sachita masewera. Atawaumiriza ananena, motsitsa monga mwa chizolowezi chawo. Azing'ono anga awiri anatulukira kuseri kwa nyumba akuthamanga, mwana wa aneba nayenso ali pambuyo. Ine ndinapitiriza kutong'ola chimanga, pamtunda woti munthu akanandiponyera chitsononkho. Ananenanso kachiwiri, atatchula dzina langa. Sindinatembenuke mpaka mng'ono wanga anadutsa kutsogolo kwanga akutafuna.

"Alamu," anatero amjomba, ndipo izi ndinazimva ndekha poti anazikuwa, "mwana akhoza kukana kutumidwa. Koma ine chibadwire sindinaone mwana wokana mandasi. Uyu si wamwano, iyayi. Makutu afa awa, ngati angawa."

Amama anayamba kutsutsa, kuti nanga bwanji iwo akaitana ndimayankha. Amjomba anawauza kuti iwo akaitana amayankha ndi anthu a ku Utale omwe. Ababa sanaseke. Anakhala pomwepo, ndasi limene linali langa lili m'manja mwawo, mpaka amama anachita kuwalanda n'kundipatsa.

Kwathu mjomba ndiye mwini ana a mlongo wake, choncho atanena kuti mawa mwanayu apite kuchipatala ku Balaka, nkhani inatha. Chodabwitsa chinali choti ababa anakapempha tsiku kwa kapitawo wawo kuti apite nawo. Amama anafunafuna makhadi a chipani m'sutikesi, poti masiku amenewo munthu wamkulu sankayenda ulendo wopanda khadi, ndipo anandiveka diresi la pa Idi. Mu sitima ndinakhala pawindo, ndikuona milambe ndi minda ya thonje zikubwerera m'mbuyo. Ababa anakhala moyang'anizana nane, ndipo nthawi iliyonse ndikacheuka ndinkapeza akundiyang'ana m'mbali mwa mutu.

Adokotala anali bambo wamfupi wa dazi, wotopa ndi mzere wa anthu koma wosapsa mtima. Anandivula mpango, n'kupukuta mafinya, n'kusuzumira m'makutu ndi kanyali. Kenako anaima kumbuyo kwanga, natseka khutu limodzi ndi chala, n'kumanena mawu oti ndibwereze. Kumanzere sindinabwereze kanthu. Kumanja ndinatola ochepa. Anakhala pansi n'kuuza makolo anga kuti kumanzere mwinikhutu anabooka kalekale ndipo mafinya adya za m'kati, kumeneko asayembekezere zambiri. Kumanja wabooka chaposachedwa, ndipo akhoza kupola ngati mafinya atha ndipo khutu likhala louma. Likapitiriza kutuluka mafinya, litsatira linzake.

Ine nditatola pamilomo pawo kuti mwinikhutu wabooka, ndinalira mokweza mpaka anamwino anasuzumira. Ndinkaganiza kamunthu kanga kaja kabayidwa. Adokotala atamva chimene ndikulirira anaseka n'kundijambulira papepala kuti mwinikhutu ndi kachikopa kopyapyala kotchinga m'kati mwa khutu, kamene kamanjenjemera mawu akakagunda. Ndinatonthola, koma ndinakhumudwa ndithu. Ndinali nditataya mnzanga.

Atatero anayamba mafunso. Anafunsa za chikuku, amama anavomera. Anafunsa ngati ndimasambira, ndinayang'ana pansi. Anafunsa chimene amaikamo, ndipo amama anafotokoza za nthenga, nsatsi ndi masamba monyadira, ngati mayi amene sanagone tulo chifukwa cha mwana wake. Adokotala anawauza mofatsa kuti nthenga yochokera m'khola imalowetsa litsiro, ndipo pakhutu lobooka mafuta ndi madzi a masamba zimapitirira mpaka m'kati mwenimweni. Funso lomaliza linali loti kodi mwanayu anamenyedwapo mbama pakhutu, chifukwa mbama yokha ikhoza kuboola mwinikhutu. Amjomba anayang'ana kudenga, mwina sanamve, mwina anamva.

"Ndine," anatero ababa. "Lakumanjali ndine."

Adokotala sanawadzudzule. Anangoti tsopano adziwa, ndipo ntchito yatsala ndi yopulumutsa khutulo. Anawaonetsa kapotedwe ka thonje kuti likhale ngati chingwe cha nyali, kulilowetsa pang'ono osakankha, kulisiya limwe mafinya, kulichotsa n'kuikanso lina mpaka lituluke louma, kenako kudonthezamo mankhwala a m'kabotolo. Amama anati thonje ndiye tili nalo lambiri kumunda. Anawaletsa, kuti la kumunda lili ndi fumbi ndi mankhwala opopera tizilombo, n'kutipatsa la kuchipatala. Anandilemberanso jakisoni wa masiku angapo. Potuluka anagwira amjomba pamkono n'kuwakuwira m'khutu kuti nawonso azitseka makutu ndi thonje akamayatsa chigayo, kuti zimene zatsala zisathe. Amjomba anayankha kuti zikomo, apereka moni kwa onse.

Ine ndi amama tinatsala kwa amjomba mpaka jakisoni atatha, ndipo matako anga anakumbukira Balaka kwa nthawi yaitali. Amama ndi amene anaonetsetsa kuti achimwene awo akupita kuchigayo thonje lili m'makutu. Ankawatsatira mpaka pamsewu akukalipa, ndipo amjomba ankati thonjelo likuwathandizadi, makamaka pa mlongo wawo.

Titabwerera ku Nkaya, amama sanafunenso kukhudza makutu anga. Ankati manja awo anandilakwira kale. Ndinawapeza tsiku lina akusesa nthenga zonse pabwalo n'kuzitentha, akulira mwakachetechete, ndipo ndinalakalaka kuwauza kuti sindinawasungire kanthu, koma mwana sanena zotero kwa mayi ake. Ntchito ya thonje inagwera ababa. M'mawa asanapite kunjanji, masana akabwera kudzadya, ndiponso madzulo dzuwa lisanalowe, ankasamba m'manja ndi sopo n'kundikhazika pampando pakhonde. Zala zawo zinali zokakala, zong'aluka ndi zitsulo, ndipo thonje linkakodwa m'ming'alumo. Zingwe zoyamba zinkatuluka zonenepa ngati chala chawo chomwe. Ankazitaya n'kuyambiranso, lilime lili pakati pa mano. Chingwe chilichonse akachichotsa ankachiyang'ana padzuwa, n'kuchinunkhiza.

Lamulo lalikulu linali loti madzi asalowe m'khutu. Posamba ankanditseka makutu ndi thonje lopaka mafuta odzola, ndipo kumaiwe anandiletseratu. Pamenepa ndiye ndinakhala wosamva weniweni. Ndinalira, ndinakana kudya, ndinayesa kuzemba, koma azing'ono anga anali atalonjezedwa nzimbe akandinenera. Ababa anavutikanso ndi nkhani ya kutawaza, kusamba kumene timachita tisanaswali, poti pamenepo munthu amapukuta makutu ndi zala zonyowa, ndipo ine ndinali nditayamba kuphunzira swala. Anavala mkanjo wawo n'kupita kwa ashehe kukafunsa. Anabwera ndi yankho loti Mulungu safuna munthu adzipweteke pomupembedza, ndizipukuta kunja kokha. Anapitanso kusukulu, munthu amene sanapondepo m'kalasi, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Sindikudziwa zimene anakambirana, koma kuyambira tsiku limenelo ndinakhala kutsogolo, khutu lakumanja litaloza aphunzitsi, ndipo mwambi wawo uja anayamba kuunena manja ali m'thumba.

Ababa anasinthanso kalankhulidwe ndi ine. Sanayambe kukuwa, zimenezo sakanatha. Akafuna kundiuza kanthu ankabwera kutsogolo kwanga, n'kugwada kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga, n'kulankhula ndikuwaona pakamwa. Kundiitana ali patali anasiyiratu. Ndikuganiza kuti ankaopa zimene angapeze.

Khutu linayamba kuuma, tonse tinasangalala, kenako nyengo yozizira inabwera ndi chimfine ndipo m'mawa wina chingwe chinatulukanso chachikasu. Ababa anachiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanadye. Tinabwerera ku Balaka, adokotala anatipatsa kabotolo kena n'kunena kuti zimachitika, tisatope, ndipo chimfine chikabwera ndisamamine mwamphamvu. Ndinawafunsa ndekha ngati ndidzakhale gonthi. Anandiyankha kuti sakudziwa, koma bowolo likucheperachepera. Ndinawakonda chifukwa sanandinamize, ngakhale ndinalira njira yonse mu sitima. Ndinkaganiza za amjomba, mmene ankasekera anthu ena akaseka osadziwa chosekedwa, ndipo ndinkaona kuti iwo anali atamvako kale zambiri za dziko lino makutu asanatseke, pamene ine ndinali ndisanayambe.

Khutu lakumanzere silinabwerere, ndipo mpaka lero pamaliro kapena paukwati ndimasankha pokhala kuti anthu akhale kudzanja langa lamanja. Adzukulu anga amadziwa kuti akafuna kundinena aime kumanzere. Ndikaona mayi akutokosa khutu la mwana ndi kamtengo ka machesi, kapena bambo akukweza dzanja kuloza kumutu wa mwana, ndimalowerera ngakhale sindikuwadziwa, ndipo ena amanditcha wolongolola. Sindidandaula, ndinatchedwapo zoipa kuposa pamenepo.

Koma lakumanja linauma. Zingwe zinayamba kutuluka zoyera tsiku ndi tsiku, mpaka adokotala atasuzumira anati bowo latsekeka ndipo thonje tisiye. Sanalonjeze kuti ndizimva ngati kale, anati tiona. Mawu sanabwerere tsiku limodzi. Ankabwera amodziamodzi osandiuza, lero kulira kwa chitseko, mawa kuthetheka kwa nkhuni pamoto, ndipo sindinkadziwa ngati ndikumvadi kapena ndikungofuna.

Linali Lachisanu masana, ababa atabwera kumzikiti. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikukwecha mapoto ndi phulusa, khoma lili pakati pa ine ndi khonde. Ndinamva dzina langa. Silinali lokuwa, linali lotsika, lonenedwa mosamala ngati munthu akuponda pamalo oterera, ndipo pakamwa panga panayankha ndisanaganize.

"Wawa."

Ndinapukuta manja m'diresi n'kuzungulira nyumba. Ababa anali pamkeka, akadali mumkanjo, kapu ili m'manja. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi, n'kundiyang'ananso. Ndinagwada kudikira chimene andiitanira. Ndinazindikira kuti analibe chondituma.

"Kanditungire madzi akumwa," anatero pomaliza.

Ndinayang'ana kapuyo. Inali yodzaza mpaka pakamwa. Iwo anaona kuti ndaona, ndipo anaipendeketsa pang'onopang'ono n'kuthira madzi onse pansi, pambali pa mkeka, n'kundipatsa. Ndinailandira ndi manja awiri n'kulowa m'nyumba, mtima ukugunda ndi chimwemwe chimene sindinkadziwa pochiika. Ndisanavundukule mtsuko anaitananso, motsitsa kuposa poyamba, ndipo ndinayankha.